Keyala ndi makalata ofika pa Bandawe

Makuzi ndi kaphiri koyang'ana nyanja kummwera kwa Chintheche, pamene mishoni ya Bandawe inamanga nyumba zake zoyamba. Ambiri ofikako masiku ano amapita kukasamba ndi kuothera dzuwa pamchenga, ena kukaona manda a amishoni a ku Scotland amene malungo anawatenga akadali achinyamata. Koma midzi yozungulira kaphirika ili ndi mbali yake m'mbiri ya gulu lina, gulu lankhondo la King's African Rifles, limene makolo athu ankangolitchula kuti Keyala. Ena mwa asilikali akuda oyambirira a gululi anachokera m'mbali mwa nyanja muno, ndipo muno momwemo ndi mmene munali sukulu imene inaphunzitsa ana a Atonga kulemba. N'chifukwa chake mbiri ya Keyala, ukaima kuno, imaoneka bwino kudzera m'makalata amene asilikali ankatumiza kwawo.

Dr Robert Laws atasamutsa likulu la mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kudza ku Bandawe mu 1881, anapeza Atonga atadzitsekera m'malinga chifukwa cha nkhondo za Angoni a kumapiri. Mfumu Mankhambira inali ndi linga lalikulu cha ku Chintheche, mfumu Marenga inali pafupi ndi Bandawe. Anthu opanikizika chonchi anailandira sukulu ndi manja awiri, monganso anailandirira ntchito ya kampani ya African Lakes, ija timaidziwa kuti Mandala. Zisanathe zaka khumi, anyamata a kuno anali atayamba kale kukwera sitima kukagwira ntchito ku Blantyre, ndipo ena mwa iwo ankatha kulemba dzina lawo ndi kuwerenga Uthenga Wabwino m'Chinyanja, chinenero chimene mishoni inayamba nacho isanatembenukire ku Chitonga. Laws anasamukiranso ku Khondowe mu 1894, koma sukulu za Bandawe zinatsala, n'kumachulukirachulukira m'midzi.

Usilikali unalowera pakhomo la Mandala lomwelo. Pa nkhondo ya ku Karonga ya 1887 mpaka 1889, kampaniyo inalemba Atonga kuti akathandize kumenyana ndi Mlozi, wamalonda a akapolo, ndipo kwa kanthawi anawatsogolera Frederick Lugard. Boma la Angerezi litakhazikika mu 1891, Harry Johnston anaitanitsa asilikali ku India, ambiri a iwo Asikh, pansi pa Kaputeni Cecil Maguire, amene anafa chaka chomwecho pomenyana ndi mfumu Makanjira. Amwenyewo anali ochepa, ndiye Atonga anayamba kulembedwa kuti adzaze mizere. Mu Disembala 1895 linga la Mlozi litagwa, amene anamupeza akubisala m'chipinda cha pansi pa nyumba anali Mtonga wodziwika m'mabuku a boma kuti Sajeni Meja Bandawe. Tisabise kuti gulu lomweli ndilo linagonjetsa mafumu athu ndi kukakamiza msonkho wa nyumba. Inkosi Gomani inaphedwa mu 1896 pa ulendo wa asilikali omwewa. Chaka chomwecho gululi linakonzedwa mwalamulo, kukhala ndi makampani ena a Atonga ndi ena a Ayao, ndipo pa 1 Januwale 1902 linaphatikizidwa ndi magulu a ku Kenya, Uganda ndi Somaliland n'kutchedwa King's African Rifles. Batalioni yoyamba ndi yachiwiri zinali za kuno kwathu, likulu lake ku Zomba.

Maulendo akutali anayamba dzina la Keyala lisanabwere n'komwe. Mu 1899 asilikali a kuno anatumizidwa ku Mauritius, kenaka ku Somaliland. Mu 1900 anakamenya nkhondo ya Asante m'dziko limene lero ndi Ghana, ndipo mu 1901 ena anali ku Gambia. Mu Epulo 1903, pa Gumburu ku Somaliland, gulu la batalioni yachiwiri linazingidwa n'kuphedwa pafupifupi lonse. Mnyamata amene anakulira pa bwato la usipa anapezeka ali pa nyanja ya mchere, kutali kumene palibe wapaulendo angadutse n'kutengako uthenga wapakamwa. Njira inatsala imodzi, ya positi. Boma linali litaiyambitsa mu 1891, ndipo makalata ankayenda pa sitima za panyanja ndiponso pamitu ya amuna othamanga nawo pansi usana ndi usiku. M'midzi munalibe mabokosi a positi, choncho kalata inkalembedwa dzina la munthu ndi mudzi wake n'kudzera kumishoni kapena kuboma pa Chintheche. Amene ankaitenga kupita nayo kumudzi nthawi zambiri anali mphunzitsi, ndipo yemweyo ndiye ankaiwerenga. Atonga anali atazolowera kale njira imeneyi chifukwa cha abale awo a ku Salisbury ndi ku Joni, moti kalata ya msilikali inkafika m'thumba limodzi ndi ya wa kumigodi.

Popita nthawi akuluakulu a Keyala anayamba kukonda kulemba Ayao, ndipo pambuyo pake Angoni ndi Alomwe, n'kumati amenewo ndiwo mitundu yankhondo. Anyamata a sukulu za mishoni ankawakayikira. Maganizo anga ndi akuti ankaopa chinthu choona: msilikali wodziwa kulemba amadziwanso kuwerengera malipiro ake, ndipo akalakwiridwa amalemba dandaulo.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene kuno inatchedwa ya Chiwaya chifukwa cha mfuti yolira mosalekeza, inafika anthu a ku Chintheche ataimvapo kale. Elliot Kamwana, Mtonga amene anaphunzira pa Bandawe, anabatiza anthu zikwizikwi m'derali mu 1908 ndi 1909 akulalikira kuti 1914 idzakhala chaka cha mapeto, ndipo boma linamuchotsa m'dziko. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen inakaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa Sphinxhaven, tsidya la nyanja, ndipo pa 9 Seputembala kunachitika nkhondo ya pa Karonga. Patangopita miyezi iwiri, John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo imene sakudziwa chiyambi chake, n'kusiya akazi amasiye ndi ana opanda wowathandiza. Boma linailetsa kalatayo. Mwa makalata onse a nthawi ya nkhondoyi, imeneyi ndiyo yatchuka koposa, ndipo woilembayo sanali msilikali, ankawalankhulira iwowo.

Amuna a ku Nyasaland pafupifupi 19,000 anavala yunifomu ya Keyala pa nkhondo imeneyi, ndipo ena oyandikira 200,000 anagwidwa kukhala amtengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo za gulu la General Northey kulowa m'dziko la Ajeremani ndi la Apwitikizi. Aphunzitsi ambiri a Livingstonia anatengedwa kukhala makalaliki, otanthauzira, akapitawo ndi othandiza m'zipatala, moti sukulu zambiri za m'midzi zinatsekedwa. Amenewa ndiwo anasanduka alembi a anzawo. Munthu wosadziwa kulemba ankakhala pansi madzulo pafupi ndi mnzake wa pensulo, n'kumanena mawu mmodzimmodzi. Kalata ya mtundu umenewu inkayamba ndi moni ndi kufunsa za moyo, kenaka kutchula mayina a onse oyenera kupatsidwa moni, kuyambira amalume mpaka ana, pakuti kusiya dzina limodzi kunali kuyambitsa mlandu. Zenizeni zinkabwera kumapeto, m'mizere iwiri kapena itatu.

Tiganizire mkazi amene kalatayo inkamufikira. Ngati sankadziwa kuwerenga, ankaimva m'kamwa mwa mphunzitsi kapena mwa mwana wa sukulu, apongozi ali pomwepo, alamu ali pomwepo. Mwamuna ankadziwa zimenezi polemba, ndiye mawu a chikondi ankawabisa m'mafunso wamba: ngati denga lafoleredwa, ngati chinangwa cha kumunda wa kumtunda chakhwima, ngati mwana wasiya kuyamwa. Mayankho ankadzeranso m'manja mwa munthu wachitatu. Banja linkakambirana za m'nyumba mwake kudzera mwa alembi awiri, wina kunkhondo wina kumudzi, ndipo ulemu wa alembiwo ndiwo unkasunga chinsinsi. Aphunzitsi a m'midzi ya Bandawe anagwira ntchito imeneyi popanda malipiro, ndipo mbiri ya Keyala yolembedwa ndi maofesala siiwatchula.

Amtengatenga ambiri sanatumize kalata ngakhale imodzi. Analibe nambala yokhazikika ngati ya msilikali, analibe nthawi, ndipo ambiri anafera m'njira ndi kamwazi, chibayo ndi njala. Abale ankamva za imfa kwa mnzawo wobwerako, nthawi zina patapita miyezi. Ajeremani a von Lettow-Vorbeck anatula zida pa Abercorn, imene lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918, koma obwerera kwawo anafika pamodzi ndi mliri wa fuluwenza umene unapha anthu ambirinso m'midzi.

Zaka za pakati pa nkhondo ziwirizi Keyala inachepetsedwa kwambiri. Chimene chinakula m'mbali mwa nyanja ndi malipenga, gule wa kuguba ndi zovala zoyera zositidwa bwino, wokhala ndi maudindo ake otengera a usilikali. Ophunzira a kuno analinso ndi West Nyasa Native Association, bungwe limene chida chake chachikulu chinali kalata yopita kuboma.

Nkhondo ya Hitler inasintha mtundu wa msilikali amene Keyala inkafuna. Tsopano kunafunika oyendetsa malole, a mawayilesi, makalaliki ndi osamalira odwala, ndipo anyamata a sukulu aja anayamba kufunidwa. Amuna a ku Nyasaland oyandikira 30,000 analowa usilikali. Mu Julayi 1940 asilikali a batalioni yoyamba anateteza Moyale, pamalire a Kenya ndi Ethiopia, kwa Ataliyana owaposa kuchuluka. Mwezi wotsatira batalioni yachiwiri inamenya pa Tug Argan ku Somaliland. Kuchokera pamenepo ulendo unapitirira ku Ethiopia, ku Madagascar mu 1942, ku Ceylon, ndipo mu 1944 ku Burma, kumene gulu la 11th East African Division linatsika chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yosakata mpaka kukafika pa mtsinje wa Chindwin. M'mabatalioni a kuno malamulo ankaperekedwa m'Chinyanja, ndipo Mtonga, Myao ndi Mlomwe ankamvana m'chinenero chimenechi, ngakhale kalata ya kumudzi aliyense ankailemba m'chimene mayi ake angamve.

Pa nkhondo iyi kalata inakhala nkhani ya boma. Akuluakulu a asilikali anaona kuti munthu amene watha miyezi osamva za kwawo sagona, sagwira bwino ntchito, ndipo amayamba kukhulupirira mphekesera iliyonse. Ndiye anayamba kulimbikitsa kulemba. Kalata ya msilikali wa kunkhondo inkayenda popanda kulipira sitampa. M'misasa munayambika makalasi ophunzitsa kuwerenga, ndipo amuna ambiri amene anachoka kwawo akusindikiza chala anabwerako akulemba okha. Maofesala ankalembera ma DC kuwapempha kuti auze mafumu akumbutse mabanja kuyankha. Gawo la malipiro a msilikali linkadulidwa n'kutumizidwa kuboma la kwawo, kumene mkazi kapena mayi ankakalandira; kwa anthu a ku Makuzi ulendo unali wa ku Chintheche.

Ndalama zimenezi ndizo zinadzaza makalata ambiri. Msilikali ankafuna kudziwa ngati zafika, amene walandira ndi ndani, ndiponso ngati zagulira ukonde, nsalu kapena fizi ya mwana monga ananenera. Pamene malume kapena mchimwene anazidya, kalata yotsatira inkapita kwa DC mwini. Nkhani ina yosatha inali ya maukwati. Munthu ali ku Ceylon ankalandira mizere iwiri kuchokera kwa mbale womuuza kuti mkazi wake akuoneka ndi wina, ndipo analibe njira yodziwira ngati n'zoona kapena ndi njiru chabe. Ankalembera mfumu, DC, kapena mkulu wa mpingo kuti afufuze. Pali mabanja amene anatha chifukwa cha kalata imodzi yabodza, ndipo pali akazi amene anaweruzidwa m'bwalo mwamuna ali kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu. Ife timakonda kukumbukira msilikali, koma mkazi amene analima yekha zaka zinayi kapena zisanu, akuyang'aniridwa ndi mudzi wonse, anasenza gawo lake la nkhondo imeneyi.

Kalata iliyonse inkayamba yawerengedwa ndi wopima makalata isanatuluke mumsasa. Kutchula malo, dzina la sitima kapena chiwerengero cha akufa kunali koletsedwa, ndipo mawu otere ankafufutidwa kapena kudulidwa. Opimawo ankatolanso madandaulo a m'makalatamo n'kulemba malipoti a mmene mitima ya asilikali ilili, kotero boma linkamva kulira kwa msilikali mkazi wake asanakumve. N'chifukwa chake zinthu zowawa kwambiri sizinalembedwe. Matope a ku Kabaw, malungo, anzawo oikidwa m'manda m'nkhalango, chikoti chimene chinali chilango chovomerezeka kwa msilikali wakuda mpaka 1946, zonsezi zinasungidwa m'mitima, n'kudzatuluka pang'onopang'ono pa moto madzulo, mwinanso osatuluka konse. Kalata ya imfa sinkachokera kwa mnzake wa malemuyo. Inkadzera kwa DC, kenaka kwa mfumu, katundu wochepa ndi ndalama zotsala n'kudzatsatira pambuyo.

Atabwerako mu 1945 ndi 1946 anapeza kuti ndalama zowathokoza zawerengedwa potsata khungu. Msilikali wamba wachizungu ankalandira mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, wakuda mashiling'i atatu ndi theka. Palibe chifukwa chimene chingalungamitse zimenezi, pakuti chipolopolo cha Mjapani sichinkasankha. Anthu amene anali ataphunzira kulemba madandaulo anabwerera m'dziko limene Nyasaland African Congress inali itangobadwa mu 1944, Levi Mumba wa ku Livingstonia ali mtsogoleri wake woyamba.

Zaka zotsiriza za Keyala zinali zosakoma. Mabatalioni a kuno anatumizidwa ku Malaya pakati pa 1952 ndi 1954, ndipo atabwerako anapezeka ali pansi pa boma la Chitaganya, limene abale awo ankalikana. Pa 3 Malichi 1959, pa doko la Nkhata Bay, asilikali anaombera khamu limene linasonkhana chifukwa cha omangidwa amene anali m'sitima ya Mpasa, n'kupha anthu osachepera 20. Owombera pamenepo anali a Royal Rhodesia Regiment, koma Keyala nayonso inagwiritsidwa ntchito m'madera ena pa nthawi ya chipwirikiti imeneyo. Dziko litalandira ufulu mu 1964, batalioni yoyamba inasanduka Malawi Rifles, muzu wa Malawi Defence Force ya lero. Mayina ena anatsala: Cobbe Barracks ku Zomba ikukumbutsa ofesala wa nkhondo ya ku Somaliland ya 1902, ndipo Moyale Barracks ku Mzuzu ikukumbutsa za 1940.

Chimene Keyala inasunga bwino ndi mbiri ya maofesala ake, masiku a nkhondo ndi mamendulo. Mawu a asilikali eni ake anasungika pang'ono. Moto umene unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 unapsereza mapepala ambiri a zaka zoyambirira. M'zaka za m'ma 1970 Melvin Page, mothandizidwa ndi ophunzira a ku Malawi, anayenda m'midzi kufunsa okalamba amene anaona nkhondo ya Chiwaya, ndipo popanda ntchito imeneyo tikanataya zambiri. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo a mu Africa, amene anafa pa nkhondo yoyamba sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira azungu. Chipilala cha Keyala chili ku Zomba, ndipo chaka ndi chaka mu Novembala timaikapo nkhata za maluwa, koma munthu wa ku Chifira kapena ku Kande wofuna kudziwa kumene agogo ake anafera sangapeze yankho pamenepo ngati anali mtengatenga.

Lero asilikali athu otumizidwa kunja amalankhula ndi akwawo pa WhatsApp, ndipo n'zabwino kuti mkazi amamva mawu a mwamuna wake popanda mlembi pakati. Koma foni ikatayika kapena kuwonongeka, mawuwo apita. Kalata ya pepala, ikapulumuka ku chiswe ndi chinyezi cha kunyanja, imatha zaka zana. Pa envulopu pamakhala nambala ya msilikali ndi gulu lake, ndipo ndi nambala imeneyo wofufuza angathe kutsata kumene munthuyo anayenda.

Choncho ndikupempha mabanja a ku Makuzi, Bandawe, Chintheche ndi midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja: tsegulani mabokosi achitsulo a agogo, yang'anani m'kati mwa Mabaibulo akale ndi mabuku a nyimbo. Mukapeza kalata, buku la malipiro kapena chikalata chotulukira usilikali, musachimate ndi selotepi ndipo musachitaye chifukwa chang'ambika. Chijambuleni mbali zonse ziwiri pamodzi ndi envulopu yake, chisungeni pouma, ndipo lembani dzina la mwiniwake, mudzi wake ndi zimene okalamba akukumbukira za iye akadali moyo. Sinodi ya Livingstonia, imene sukulu zake zinaphunzitsa alembi a makalatawa, ili ndi mipingo m'midzi yonseyi ndipo ingathe kutsogolera ntchito yosonkhanitsa zithunzizo. Zikasonkhana, zitumizidwe ku National Archives ku Zomba ndi kunyumba yosungirako zakale ya ku Mzuzu, makalata enieniwo atsale m'manja mwa eni ake.